Bambo Gervazio Mlangeni ndi ng'ombe za linunda

Malemu anabadwa pa nyengo yokolola mawere, m'mudzi wa makolo awo kuno kwa Kaphuka. Tsiku palibe analilemba, koma akuluakulu akuti chinali chaka cha 1872. Anali achiwiri m'banja la ana asanu. Sukulu kunalibe masiku amenewo, choncho anakulira ku ubusa, kuweta ng'ombe za bambo awo, zija zazifupi, za linunda lalikulu, zimene makolo athu anabwera nazo kuchokera kummwera.

M'chaka cha 1894 anakwatira mayi Magadalena Nanzunga, ndipo Mulungu anawapatsa ana anayi. Patangopita zaka ziwiri kunagwa nkhondo, asilikali nakusa ng'ombe zonse za m'mudzi. Malemu anathawira ku Phiri la Dedza ndi mathadzi atatu ndi kankhunzi kamodzi, nakhala m'mapanga miyezi iwiri, akudya zikhawo ndi zipatso zam'tchire. Atatsika anapeza bambo awo ataikidwa kale. Maliro amenewo sanawaone, ndipo nkhani yake sankafuna kuikamba.

Pofika 1906 khola linali litadzazanso. Chaka chomwecho wamalonda wina anabwera ndi nkhunzi yaikulu ya kunja, ndipo ambiri mwa ife tinapititsako mathadzi athu pofuna mkaka wambiri. Malemu anakana. Tinawaseka, ena tinawatcha wokanika, ine ndemwe ndili pano ndinali mmodzi wa oseka. Mu 1909 matenda a nkhupakupa atalowa, ng'ombe zosakaniza zija zinagwa ngati masamba. Za malemu zinafa zisanu zokha. Sanatinyogodole. Anayamba kuikiza ng'ombe zawo m'makola a anthu, ziwiri kuno, zitatu uko, mpaka ku Kasina, kuti mliri ukadzabweranso usadzazipeze pamodzi. Kuyambira pamenepo moyo wawo unali wa pamsewu. Mwezi uliwonse ankazungulira makola asanu ndi limodzi wapansi, kuchotsa nkhupakupa ndi manja, ndi kuonetsetsa kuti nkhunzi yachilendo isalowemo. Mayi Nanzunga analima okha zaka zambiri, ndipo tisabise, m'nyumba munali kudandaula.

Mu 1911 analowa kalasi ya katekisimu ali munthu wamkulu, nabatizidwa pa Pasaka wa 1914, ndi kulandira dzina la Gervazio. Kuwerenga anadziwa pang'ono, kulemba kunawakanika.

Mu 1916 mwana wawo woyamba, a Anselmo, amene ankawathandiza kuzungulira makola, anatengedwa kukanyamula katundu wa nkhondo kumpoto. Sanabwerere, ndipo manda awo sitikuwadziwa. Chaka chotsatira kunafunidwa ng'ombe zodyetsa asilikali. Malemu anapereka mifule yonse, ndi yapamtima yomwe, kuti mathadzi atsale. Zinatsala ng'ombe khumi ndi imodzi, nkhunzi imodzi yokha. Kuchokera apo miyendo inayamba kuwalemera, koma ulendo wa m'makola sanausiye.

Chimfine chimene chatimaliza chino chinawapeza pa 6 Januwale, akuchokera ku Kasina mvula ikugwa. Anagona masiku asanu ndi atatu. Dzulo, Lachiwiri pa 14 Januwale 1919, dzuwa likupendeka, anatisiya.

Tsono pali mawu amene banja landituma kuti ndinene, chifukwa ndamva kung'ung'udza kuseri kwa nyumba. Mwambo wathu tonse tikuudziwa: mwamuna wa khola akamwalira, nkhunzi yake imaphedwa, iye nakulungidwa m'chikopa chake. Achimwene awo a malemu, bambo Ignasio, anafika m'mawa uno ndi mkondo, ndipo sanalakwe. Koma Lamulungu lapitali malemu anaitana akazi awo pamodzi ndi ine, nati: "Nkhunzi ija musaiphe. Ikafa, mathadzi adzakwerana ndi za eni, ndipo zonse ndayendera zidzathera pomwepo. Ine mphasa indikwana." Takambirana kuyambira m'mawa, misozi ili m'maso, ndipo bambo Ignasio abweza mkondo wawo kunyumba. N'chifukwa chake mukuona malemu agona m'mphasa ngati mlendo, ndipo ndiwo za pamaliro pano ndi nyemba. Amene mukufuna kudzudzula, mudzudzule ife amoyo. Inu amene mukusunga ng'ombe zawo, musazibweze msanga, zikhale komweko monga anafunira eni ake.

Malemu asiya akazi awo, mayi Magadalena Nanzunga, ana atatu, a Anjelina, a Bonifasio ndi a Dorika amene ali chigonere ndi chimfine chomwechi, ndiponso zidzukulu zisanu.

Tikuthokoza adzukulu okumba manda, amene mwezi uno wokha akumba kasanu ndi kawiri ndipo manja awo ndi matuza okhaokha. Tikuthokoza aphunzitsi a katekisimu potsogolera mapemphero ndi kutilembera mawu awa, amayi amene atunga madzi ndi kutola nkhuni, ndi inu nonse ochepa amene mwatha kudzuka. Amene sanabwere sitikuwaimba mlandu, nawonso ali ndi odwala awo.

Bambo Gervazio Mlangeni, mwayenda mokwanira. Mzimu wanu uuse mumtendere.