Kalata yomwe inafuna kunditsekera sukulu

Abusa athu, akulu a mpingo, amayi anzanga, abale ndi alongo, ndakulonjerani nonse m'dzina la Ambuye Yesu. Aleluya! Iyayi, kumbuyoko simunayankhe, ndati Aleluya!

Ndikufuna kuchitira umboni. Kwa alendo, ine ndine make Chisomo, ndimapemphera pompano pa Balaka, ndipo ndimagwira ntchito za umoyo ku Machinga.

Zaka zitatu zapitazo madzi anasefukira ku nyanja ya Chiuta, ndipo anandituma kumeneko ndi bokosi la mankhwala. Ndinapeza anthu adzaza pasukulu, chimbudzi chili chimodzi, madzi akumwa akutunga pachithaphwi. Abale, madzi osefukirawo sanatenge munthu. Chomwe chinatenga anthu ndi kutsegula m'mimba kumene kunabwera pambuyo pake. Ine ndi digiri yanga yonse ndinangoima ngati chitsa, osadziwa poyambira. Tinaika maliro amene sitimayenera kuika. Pobwerera ndinalira m'galimoto njira yonse, ndikuti, "Ambuye, ngati kuli kophunzira zinthu zimenezi, nditumizeni ineyo."

Mulungu amamva, abale! Patapita miyezi kunabwera mwayi wa maphunziro apamwamba kunja, chaka chathunthu, a mmene tingakonzekerere ngozi zogwa mwadzidzidzi ndi kusamalira anthu zikagwa. Ndinalemba, ananditenga. Nditawauza bambo a Chisomo, ndimayembekezera kuti akana, popeza tili ndi ana atatu. Anangoti, "Pita mayi, anawa ndi anganso." Ndi awo akhala pafupi ndi zenera, akuchita ngati sakumva.

Koma Satana sagona. Mukudziwa kuti munthu sutuluka m'dziko popanda chilolezo. Tsiku lina anandiitana ku ofesi ina, bwana wake ataika pepala patebulo.

"Mayi, kwabwera kalata yopanda dzina. Akuti inu si Mmalawi, munalowa ndi othawa nkhondo a ku Mozambique."

Ndinati, "Bwana, amene anachokera kumeneko ndi agogo anga, kalekale, bambo anga asanabadwe. Ine mchombo wanga uli ku Rivirivi."

"Ndiye bweretsani umboni. Ikatha milungu iwiri, malo anu apita kwa wina."

Sindikudandaula za bwanayo, iyayi, amagwira ntchito yake. Koma umboni ndikautenga kuti? Bambo ndi mayi anatsogola. Khadi langa la ubatizo chiswe chinadya. Ndinabwera muno Lachitatu, amayi inu mukukumbukira, tinagwada pakona apo. Mayi mmodzi anandigwira paphewa nati, "Pita kumudzi. Munthu sabadwa popanda womuona."

Ndinapita ku Rivirivi. Khomo ili, "Sitikukumbuka." Khomo ilo, "Zaboma ife timaopa." Dzuwa litapendeka ndinakhala pansi pa mtengo wa mango pamsika, miyendo itatupa. Pafupi nane panali bambo wachikulire wachisilamu, Che Amidu, akugulitsa nsomba zouma. Anandiyang'anitsitsa nati, "Kodi iwe si mwana wa malemu Elena?"

Ndinavomera, ndi kuwafotokozera zonse. Anaseka mpaka chisoti chinagwa!

"Iweyo wothawa nkhondo? Tsiku lomwe unabadwa, mayi ako ndinawanyamula ndine panjinga yanga yansomba kupita nawo kuchipatala. Unafika padziko lino ukununkha matemba!"

Abale, mawa lake bambo aja anavala mkanjo wawo woyera, anasiya malonda, tinakwera basi. Mu ofesi muja anaima pamaso pa bwana uja. Anatchula dzina la bambo anga, la agogo anga, ngakhale munda umene ankalima. Pomaliza anati, "Bwana, ngati mwanayu ndi mlendo, ndiye kuti njinga yanganso ndi yachilendo." Bwana uja anaseka, nadinda chidindo. Taonani Mulungu wathu! Ine ndimafuna mngelo wa mapiko, Iye ananditumizira Msilamu wogulitsa matemba. Aleluya!

Ndinakwera ndege. Zakumeneko ndisakunamizeni, zinali zowawa. Kuzizira kolowa m'mafupa, Chingerezi cholankhulira m'mphuno, ndipo m'kalasi monse wamkulu ndinali ine. Mayeso oyamba ndinagwa. Ndinalembera bambo a Chisomo kuti ndikubwerera. Yankho lawo linali lalifupi: "Usayerekeze. Ine ndaphunzira kale kuluka tsitsi la ana ako, iwenso phunzira zako."

Kenaka tsiku lina mphunzitsi anafunsa kuti, "Ndani pano anakhalapo ndi anthu othawa madzi?"  Ine ndekha ndinakweza mkono, ndinafotokoza za ku Chiuta, misozi ikutsika. Nditamaliza, mphunzitsi uja anati, "Zimene mwanenazi ndiye phunziro lathu la mwezi uno." Kuyambira tsiku limenelo mantha anathawa. Ndinaphunzira kuti ngozi umalimbana nayo isanabwere: kudziwa kokwera kumene anthu athawire, wochenjeza anzake ndani, zimbudzi zikumbidwe kuti, madzi akumwa atetezedwe bwanji. Ndipo ndinakhoza, abale. Ndinakhoza!

Nditabwerako sindinadikire mvula. Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndinayenda m'midzi yakwathu ya m'mbali mwa mtsinje wa Rivirivi. Ena amandiseka, amvekere, "Mayi awa sukulu yawasokoneza, akukumbitsa zimbudzi za anthu amene kulibe." Tinakumbabe, pasukulu ya pamtunda. Tinaika migolo yamadzi. Tinagwirizana kuti mtsinje ukafika pa mkuyu wa padooko, aimbe chitsulo cha kusukulu ndipo aliyense anyamuke.

Mwezi wathawu mvula inagwa masiku atatu osakata. Mmawa wa Lachisanu chitsulo chinalira. Anthu ananyamuka mwadongosolo, ana patsogolo, odwala pamachira. Anatsala gogo mmodzi, Abiti Sani, atakhala pakhonde, manja atapinda.

"Agogo, tiyeni, madzi akubwera."

"Mbuzi zanga ndizisiyire ndani? Pitani, ine ndifera pompano."

Kale ndikanakangana nawo mpaka madzi kutipeza. Koma kumaphunziro kuja anatiphunzitsa kuti munthu sasiya chomwe chimamudyetsa. Ndinangomasula mbuzi zija, chingwe m'manja, ulendo. Nditacheuka, gogo akubwera pambuyo ndi ndodo yawo, akundikalipira kuti ndikuzikoka molakwika!

Pofika masana nyumba yawo inali itagwa. Nyumba zambiri zinagwa, chimanga chinapita, zimenezo n'zoona ndipo tiziwapempherera. Koma tinakhala pasukulu paja milungu itatu, ndipo sitinakumbe manda ngakhale amodzi. Ngakhale amodzi, abale! Tsiku lobwerera, Abiti Sani anandikoka chitenje nati, "Mwanangu, kusukulu kwakoko akadzafunanso anthu, undilembetse."

Ndiye ndaima pano kuthokoza. Zikomo abusa chifukwa cha mapemphero. Zikomo amayi anzanga. Koposa zonse zikomo Yesu, amene munatenga mayi wa ana atatu ndi kumubweza pa desiki kuti anthu anu akhale ndi moyo. Tsono musandisiye ndikondwere ndekha. Imirirani nonse! Amayi, nthungululu zili kuti? A kwaya, ng'omayo ilire, lero tivine mpaka fumbi!