Makompyuta a ku Joni ndi Mbewu Yomaliza

Mzimba boma, pa siteji ya matola opita ku Embangweni. Galimoto ikuchedwa kudzaza. Bambo wina wayamba kucheza ndi mayi amene wafukata kathumba ka mbewu ya chimanga.

"Mwana wanga ali ku Joni, amama. Amalondera nyumba yodzaza makompyuta okumba ndalama za pa intaneti."

"Amakumba bwanji, adada?"

"Akuti amapikisana kuthetsa masamu, osapuma. Kompyuta yoyamba kupeza yankho ndiyo imawina ndalamazo. Magetsi amene makinawo amadya angakwanire tauni yonse ino."

"Nanga yankholo amatani nalo?"

"Palibe. Mbwenu, basi amayamba samu ina."

"Ine ndabzala kawiri, zonse zapsa ndi dzuwa. Kathumba aka ndi komaliza. Bwanji osawapatsa samu ya mvula, atiuze tsiku lobzala?"

"Akuti ena akufuna zomwezo, kuti makinawo aziwerengera nyengo ndi mankhwala, eni ake n'kumapindulabe."

"Ayamba liti?"

"Akukambiranabe."

"Muimbireni mwanayo, akatifunsireko za ku Embangweni."

"Amama, iye amangotsegula geti. M'katimo saloledwa."

"Yewo chomene, adada. Ndibzala Loweruka. Mitambo ndiziyang'ana ndekha."