A Shaba a pansanja ndi liwu loti "pensive"

Bwana manijala, akapitawo, amama Felesta Shaba ndi ana, anzanga a m'nkhalango, monire mose. Ndine Marjory, wa pa wailesi yolandira mauthenga a moto.

A Zondwayo Shaba, amene lero akupuma pa ntchito, mukuwadziwa. Moyo wawo authera pamwamba pa nsanja, kulondera mitengo ya paini ya ku Chikangawa kuti isapse. M'mawa nkhungu imadzaza zigwa, nsonga za mitengo zokha n'kumayandama. Iwo ali phee, dzanja pachibwano, maso kutali. Tiyi amazizirira m'kapu. Ukawapatsa moni, amayankha iwe utatsika kale.

Akadali mnyamata, kunabwera mzungu wophunzitsa zozimitsa moto, dzina lake Karen. Atawaona choncho, anawauza m'Chingerezi kuti akuoneka "pensive". A Shaba anamva "penshoni". Mbwenu anatsika, ulendo kunyumba. "Felesta, manga katundu, andichotsa ntchito." Amama, ndikunama? Munafika ku ofesi mwana ali kumsana, kufunsa chimene amuna anu alakwa!

Karen anaseka mpaka misozi, n'kufotokoza. Pensive ndi munthu amene wakhala chete, akuganiza mozama, nkhope ili ndi kachisoni pang'ono. Si kukwiya, si ulesi. A Shaba analikonda liwulo. Ng'ombe ikaima pamsewu, pensive. Lole ya matabwa ikafa pachitunda, pensive. Ndikawafunsa za nyengo pa wailesi, ankati, "Marjory, Viphya lero ili pensive chomene."

Koma chaka chimene ndinaika amuna anga m'manda, ndinabwerera kuntchito mawu atandithera. Aliyense ankandiuza kuti ndilimbe mtima. Ine ndinali nditaganiza zosiya ntchito. A Shaba anangoti, "Mlongo, kwera kuno." Tinakhala pansanja, mphepo ikulira m'paini, mitambo ikudutsa kunsi kwa mapazi athu. Sanandifunse kanthu. Dzuwa litapendeka anati, "Kukhala pensive n'kumeneku. Si mlandu." M'mawa mwake ndinabwera kuntchito, ndipo ndikadali pano.

Adada, yewo chomene. Mitengo imene munkailondera ija lero ndi madenga a nyumba ndi mabenchi a ana asukulu. Pitani kwanu ku Edingeni mukapume. Mukakhale pamthunzi, ng'ombe zanu zikudya msipu, zidzukulu zikugona pamiyendo. Mukakaona utsi musakathamange, ndi amama akuwotcha chimanga.

Anzanga, tiimirire tonse. M'manja mwamphamvu, phokoso lake likawatsogolere ku Edingeni!