Keke ya Khirisimasi imene sindinalawe

Moni abale ndi alongo anga mwa Ambuye, inu a kuno ku Torwood, a ku Redcliff, a ku Kwekwe, ndi inu amene munabalalika kukafuna ntchito koma mtima uli kwathu kuno. Ine ndine Esinati, ambiri mumanditcha Mai Mwale a masikono. Ndikufuna ndikuuzeni za sabata imene ndinatchedwa mfiti, mwana wa mnansi wanga ali gone m'chipatala, anthu akunena kuti ndamudyetsa poizoni mu keke ya Khirisimasi. Ena mwa inu munalipo. Ena munanena nawo mawu amenewo, ndipo sindikulemba kuti ndikuchititseni manyazi, ayi.

Chimwalirireni bambo a kunyumba, amene anagwira ntchito ku fakitale ya zitsulo mpaka pamene inazima, chimene chandisunga ndi uvuni. Ndimaphika masikono, mandasi, mabisiketi, ndi makeke a zikondwerero. Magetsi akathima sindilira, ndimathira mchenga mumphika waukulu, makala pansi, makala pa chivundikiro, keke n'kutuluka bwinobwino. Ntchito imeneyi ilibe sitolo, ilibe chikwangwani. Munthu amaika m'kamwa mwa mwana wake chimene waphika iwe chifukwa amakukhulupirira, basi. Dzina likangoipa ndiye kuti ntchito yathera pomwepo.

Chaka chimenecho ndinayamba kuonda, ludzu losatha, thupi lofooka. Ku chipatala ku Kwekwe anandipeza ndi matenda a shuga. Sindinauze munthu aliyense, ngakhale abusa. Inu mukudziwa mmene timakhalira muno. Munthu akaonda n'kumakwera kombi mwezi ndi mwezi kukatenga mapiritsi, anthu amamaliza okha nkhani yake. Ndiponso ndinkati, ndani adzagule zotsekemera kwa mayi amene shuga wamudwalitsa? Kunali kunyada kumeneko, lero ndikuvomera.

Kutatsala masiku ochepa kuti Khirisimasi ifike, nesi anandiyeza n'kundikalipira ngati mwana wa sukulu. Anati shuga wakwera koopsa. Anandilozera bambo wina amene anakhala pa benchi, phazi limodzi lodulidwa, nati ndikapitiriza kulawalawa zophika zanga ndilowera komweko. Ndinakwera kombi kubwerera kunyumba. Ndinalumbira mumtima kuti chotsekemera chilichonse sichidzakhudzanso lilime langa.

Ku mpingo kwathu, tikatuluka m'mapemphero a Khirisimasi, timadyera pamodzi pansi pa mitengo kuseri kwa tchalitchi. Pamakhala mpunga, nkhuku, saladi ya kabichi, tiyi wa akuluakulu, ndi juwisi wosungunula ndi madzi wa ana. Tili ndi mwambo umene makolo athu anabwera nawo kuchokera ku Malawi, n'kuusunga m'makomboni a migodi mmene mitundu yambiri inkadyera limodzi. Amene waphika ndiye amayamba kulawa pamaso pa onse. Timati kuchotsa ufiti. Masiku ano timachita moseka, koma palibe amene amaudumpha.

Ine ndinabweretsa keke yaikulu ya zipatso zouma, yopaka shuga woyera pamwamba. Ndinaidula, ndipo mayi abusa anati, "Mai Mwale, tichotsereni ufiti." Anthu anaseka. Ine ndinaima ndi chidutswa m'manja. Kachidutswa kamodzi sikakanandipha, zimenezi ndikuzidziwa tsopano, koma nthawi imeneyo m'maso mwanga munali phazi lodulidwa lija. Ndinanama kuti ndalawa kale kunyumba, ndakhuta. Pambali panga panaima Tadiwa, mwana wa zaka zisanu wa mnansi wanga Rudo, maso ali tong'o pa keke. Ndinamupatsa iyeyo chidutswa choyambacho. Anthu anasekanso, ine n'kumati nkhani yatha.

Patapita masiku awiri ana anayi a mumpingo anayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba. Atatu anali bwinoko, koma Tadiwa anafooka mpaka maso kulowa m'kati. Anathamanga naye ku Kwekwe n'kumuika madiripi, ndipo Rudo anakhala komweko kumudwazika. Ine nditamva ndinakulunga buledi, n'kupita kunyumba kwawo kuti wopita kuchipatala akamupatse Rudo. Pa geti ndinapeza apongozi ake a Rudo, amene ana amawatcha Mbuya. Sanandilandire buledi uja. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena mokweza kuti msewu wonse umve, "Muroyi! Bwanji iwe sunadye?"

Muroyi m'Chishona ndiye mfiti. Anawonjezera kuti anthu a ku Malawi amawadziwa ndi mankhwala awo. Abale, ine ndinabadwira muno, mchombo wanga uli muno, ku Malawi sindinapondeko n'kamodzi komwe. Mawu amenewo anandipweteka kwambiri, koma chimene chinandithetsa nzeru chinali funso lija, chifukwa yankho lake ndinali nalo, ndipo ndinabwerera kunyumba ndisanalinene.

Nkhani inathamanga kuposa kombi. Mayi amene anaitanitsa keke ya Chaka Chatsopano anatumiza uthenga kuti ndisavutikenso. Wina anabweza masikono amene anagula dzulo lake, anangowakhuthulira pa geti panga, agalu n'kumadya. Pa mzere wotunga madzi amayi ankasuntha zidebe zawo ndikayandikira. Anthu a mtundu wanga omwe, oimba nawo kwaya, anayamba kufunsana kuti kodi mayiyu waonderanji chonchi, kodi amasunga chiyani m'nyumba, kodi mwamuna wake uja anafa bwanji. Dzuwa lili pamutu mwala unagwa pa denga langa. Kenako ndinamva kuti amuna ena akupangana zoitana tsikamutanda, wofufuza afiti uja, kuti adzasanthule m'nyumba mwanga, ndipo kuti mwanayo akangomwalira ine sindigonanso mu Torwood.

Choopsa kuposa zonsezi n'chakuti inenso ndinayamba kudzikayikira. Ndinakhuthula fulawa yense patebulo n'kumusefa kawiri. Ndinanunkhiza majarini, ndinaswa mazira otsala limodzilimodzi, ndinafufuza kuseri kwa kabati ngati mankhwala a makoswe anagwera penapake. Sindinapeze kanthu, koma mtima sunakhazikike. Ndinkangoona kadzanja ka Tadiwa kakulandira chidutswa chija. Foni ikalira ndinkaopa kuyankha, ndimati ndi uthenga wa maliro.

Tsiku lachinayi ndinagwada pakati pa khitchini, fulawa ali mbuu pansi. Sindinapemphere mwaluso. Ndinangoti, Ambuye, dzina langa likafa life, koma mwanayu asafe, chifukwa ngati afa ine ndilibe pothawira, ngakhale kwa Inu ndidzabwera ndi nkhope yanji? Ndinalira mpaka mawu kutha. Sindinamve liwu lochokera kumwamba, sindikunamizani. Ndinangokumbukira khadi langa la kuchipatala limene ndinkabisa pansi pa matiresi, ndipo ndinachita manyazi kuti ndikupempha Mulungu aulule choona, ine mwini ndikugonera choona changa.

Abusa anaitanitsa msonkhano Lamulungu titatuluka m'mapemphero, pofuna kuti nkhaniyi isafike kwa tsikamutanda. Tchalitchi chinadzaza, ngakhale anthu osapemphera nafe anaima m'mawindo. Mbuya anakhala pa benchi ya kutsogolo. Ine ndinaimirira, khadi m'manja, n'kuulula zonse, za shuga, za kombi za mwezi ndi mwezi, za bodza lakuti ndakhuta. Khadi linayenda m'manja mwa akulu a mpingo. Ndinkayembekeza kuti nkhope zifewa.

Koma bambo wina kumbuyo anaimirira n'kunena kuti khadilo langofotokoza chifukwa chimene sindinadyere, silinafotokoze chifukwa chimene ana adwalira. Anthu anavomereza. Ndipo ananena zoona. Chinsinsi changa ndinali nditachitaya pabwalo, ndipo sichinandiombole. Ndinakhala pansi n'kuyamba kulira.

Tsono mverani mmene Mulungu amachitira. Mumpingo mwathu muli nkhalamba ina, Sekuru Mbewe, amene makutu anawathera ku ng'anjo za fakitale. Samva pokhapokha muwakuwire m'khutu. Anthu amawaseka chifukwa chokonda kudya, ndipo ine ndemwe ndinawabwezapo pakhomo kangapo akamabwera kudzapempha masikono osweka. Msonkhano wonse anangokhala duu, osadziwa chimene chikukambidwa. Ataona ine ndikulira anakoka malaya a bambo woyandikana nawo, bamboyo n'kuwakuwira nkhani yonse m'khutu. Anaimirira ndi ndodo yawo osapempha n'chilolezo chomwe.

"Keke ija?" anatero mokuwa, monga amalankhulira anthu osamva. "Ine ndinadya zidutswa zinayi. Chachisanu ndinaba, ndinakulunga mu mpango, ndinadyera tiyi m'mawa mwake. M'mimba mwa nkhalamba ndi mofewa kuposa mwa mwana. Nanga ndafa?"

Palibe anaseka. Anauza onse amene anadya keke kuti akweze manja. Manja anakwera pang'onopang'ono, a abusa, a mayi abusa, a bambo wa kumbuyo uja, pafupifupi tchalitchi chonse. Kenako anafunsa kuti mwa akuluakulu onsewa wadwala ndani. Panalibe. Anati pa nthawi yawo ku komboni, anthu akadwala m'mimba ambiri nthawi imodzi, sankayamba ndi wophika, ankayamba ndi madzi.

"Ife tinamwa tiyi, madzi owira," anatero. "Ana anamwa chiyani? Madzi a juwisi anatunga kuti?"

Tonse tinkadziwa kuti sabata imeneyo m'mipopi munalibe madzi. Amayi anayamba kuyang'anana, wina n'kunena motsitsa kuti chidebe cha juwisi anabwera nacho ndi Mbuya. Abusa anawafunsa mwaulemu. Mbuya anavomera kuti anatunga pa chitsime chokumba kuseri kwa nyumba zawo, ndipo sanawiritse chifukwa madziwo ankaoneka oyera. Chitsime chimenecho chili kumunsi kwa paipi ya zonyansa imene inaphulika ndi mvula. Atamaliza anadziphimba kumaso ndi chitenje.

Mukuganiza kuti ndinakondwa? Ndinkafuna kukondwa, sindibisa. Koma ndinkadziwa bwino chimene mayiyo ankamva, chifukwa ndinali nditachimva ineyo masiku onsewo, kuganiza kuti dzanja lako lapha mwana. Abusa anaimbira Rudo foni pomwepo kuti auze anesi za chitsime. Rudo anati m'chipinda chomwecho mwagonekedwa ana ena awiri a mzere wa nyumba zawo, amene sapemphera nafe ndipo keke yanga sanaione n'komwe. M'mawa mwake a zaumoyo anabwera n'kutseka chitsimecho.

Komabe ine sindinapume, chifukwa Tadiwa anali akadali pa diripi. Uvuni sindinayatse. Ndinkangopemphera ndi kudikira.

Lachitatu masana ndinamva kugogoda pa geti. Anali Rudo, chikwama cha kuchipatala m'manja, Tadiwa ali kumbuyo, woonda ngati kamwana ka nkhuku konyowa, koma maso ali gwa. Anali atangotsika kombi, kwawo asanafike. Amayi a mumsewu anatuluka m'nyumba kudzaonerera. Rudo sanapepese, ndipo sanayambe ndi moni.

"Mai Mwale," anatero, "mwanayu sanadye bwino sabata yonse. Akuti akufuna sikono yanu."

Ndinati ndilibe, chichitikireni zija sindinaphike. Iye anati adikira. Ndinamuitanira m'nyumba, anakana, anakhala pa mwala wa pa geti pomwe aliyense angamuone. Magetsi kunalibe, ndiye ndinakoleza makala. Ndinakanda mtanda misozi ikugwa, mpaka ndinaiwala ngati ndathira mchere. Masikono atapsa ndinatulutsa ali otentha. Rudo ananyema imodzi, anaiuzira, n'kuika m'kamwa mwa mwana wake, msewu wonse ukuyang'ana. Tadiwa anameza n'kutambasula dzanja kufuna ina.

Sindikuuzani kuti zonse zinabwerera m'malo. Ena mpaka lero sanabwerenso kudzagula. Mbuya akandiona amawoloka msewu, ine ndimawapatsabe moni, tsiku lina adzayankha. Koma ndimagona m'nyumba mwanga, ndimaphika, ndipo mapiritsi anga ndimakatenga poyera, aliyense akudziwa.

Ndikuthokoza Mulungu amene anasunga moyo wa Tadiwa ndi kundichotsera chitonzo. Ndikuthokoza abusa amene sanalole kuti ndiweruzidwe mumsewu, ndi Rudo amene anali ndi chifukwa chondiopa koma anabwera. Sekuru Mbewe tsopano sapemphanso osweka, ndimawatumizira athunthu, ndipo amadandaula kuti ndi aang'ono.

Inu amene mukudwala mobisa, nenani msanga kwa anthu anu, chifukwa mukabisa anthu adzanena m'malo mwanu, ndipo adzanena zoipa. Inu amene mukunamiziridwa, musathawe, musadzipweteke, gwadani ngakhale mulibe mawu. Ine ndinalowa m'tchalitchi muja ndikudalira khadi, koma Mulungu anali atakonza kale nkhalamba yosamva imene ndinkaibweza pakhomo. Wanunso wokuthandizani alipo, mwina simumuwerengera. Pirirani, Ambuye sanakuiwaleni. Amen.