Soketi ya Firiji

Olemekezeka mkulu wa sukulu ino ya ukachenjede, a wapampando a komiti yokonza mwambowu, mayi woyang'anira labotale yatsopanoyi, aphunzitsi, ophunzira, amayi ndi abambo, ndikupatsani moni, ndipo ndikuthokoza pondiitana.

Munandipatsa theka la ola, koma ndifupikitsa, chifukwa mtima wanga suli m'malo.

Ndili wophunzira, aphunzitsi anga ankati RNA yaitali yosapanga mapuloteni ndi zinyalala za m'selo, ndipo zotsatira za kafukufuku wanga wa chaka chathunthu pa RNA imeneyi ndinazitaya m'bini ndi manja angawa. Lero tikudziwa kuti ina mwa RNA imeneyi imauza mbali zina za DNA nthawi yogwira ntchito ndi nthawi yokhala chete, ina imathandiza kusamala matelomiya, nsonga za makromozomu zotchinjiriza DNA monga mpendero utchinjiriza nsalu kuti isasosoke. Timanyoza chinthu chifukwa choti sichichita phokoso, ndipo khalidwe limeneli ndaona kuti sitinalisiye.

Pomwe mumandionetsa zipinda m'mawa uno, ndinaona firiji yaikulu itavekedwa nsalu yoyera, pamwamba pake pali maluwa, ili zii. Nditafunsa, mayi woyang'anira labotale anandinong'oneza kuti a komiti anaizula pa magetsi kuti alumikize chimkuzamawu, ati soketi ina ili kutali. Anawadandaulira, koma anauzidwa kuti adikire alendo amalize kulankhula, ndipo iwo, poopa kuoneka amwano pamaso pa akuluakulu, anangokhala. Ndinapempha a komiti kuti aibwezere pa magetsi, anati zakonzedwa bwana. Koma ndikasuzumira pakhomo la chipindacho, ndikuona chingwe chake chili pansi apo mpaka pano.

Musaseke, a wapampando, ine zandikwiyitsa. M'firijimo muli timachubu ta RNA timene mayiwa asonkhanitsa kwa zaka zinayi kuchokera m'magazi a odwala, ena mwa iwo anatisiya kale ndipo sitingakawapemphenso. RNA ikangofunda imawonongeka, siidikira kuti mlendo wolemekezeka amalize kuthokoza. Alankhula anthu asanu ndisanaime ine, aliyense kuyamikira kafukufuku, kafukufukuyo akusungunuka m'chipinda chinacho.

Masamba atatu otsalawa mukawerenge nokha. Mayi, pitani mukazule chimkuzamawuchi, musapemphe chilolezo kwa wina aliyense, labotaleyi ndi yanu. Gule ndi nyimbo zichitike pakamwa.

A kumbuyo, tcherani khutu, poti tsopano ndikuwa ndi kukhosi kwanga: ndikulengeza kuti labotale ino yatsegulidwa, koma chitseko cha firijiyo chisatsegulidwe mpaka mawa.

Zikomo kwambiri.