Mbiri ya Bambo Lameck Fandika, Mmisiri wa Eyakoni ku Hull

Malemu Bambo Lameck Fandika anabadwa pa 9 Okutobala 1966 ku Nchalo m'boma la Chikwawa, ndipo anali achitatu m'banja la ana asanu. Sukulu anaisiyira Fomu 2 bambo awo atamwalira. Mu 1985 anapita ku Blantyre, komwe anaphunzira umakanika pagalaja ina ku Ndirande. Kumeneko ndi kumene anakondera ntchito ya eyakoni, makina oziziritsa m'galimoto aja. Anaphunzira poonera ndi pogwira, popanda pepala lililonse.

Mu 1992 anamanga banja ndi Mayi Malita. Mu 2009 anabwera kuno ku England okha, atalonjeza kuti mayi awatsatira posachedwa.

Zikalata zawo zokhalira kuno zitalongosoka mu 2012, anayenda m'magalaja a muno mu Hull kufunsa ntchito. Paliponse anawauza kuti lamulo sililola munthu kupopa gasi wa eyakoni wopanda satifiketi, poti gasiyo akathawira mumlengalenga amaononga chilengedwe. Zaka zonse za ku Ndirande sizinawerengedwe. Anayamba kaye kunyamula katundu kuweyahausi, ndipo ankatiuza kuti akamadutsa pagalaja, manja ankawayabwa.

Mu 2013 analembetsa maphunziro. Mayeso ogwira ndi manja anakhoza, koma olemba anawagwetsa chifukwa cha Chingerezi cha malamulo. Sanabise. Anaimirira m'tchalitchi muno napempha wowathandiza kuwerenga. Mu 2014 anakhoza, ndipo Bambo Thompson anawalemba ntchito pagalaja yawo. Ife tinkawaseka kuti munthu wa ku Chigwa cha Shire wabwera kudzaziziritsa dziko lozizira kale. Iwo ankangomwetulira, n'kunena kuti fungo la galimoto yotenthedwa ndi dzuwa limawakumbutsa kwawo.

Chomwe ankafunira ntchito yokhazikika chinali choti aitanitse mayi. Viza yoyamba ya mayi inakanidwa mu 2016, chaka chomwe mwana wawo Edwina anakwatiwa iwo akuonera ukwatiwo pafoni. Lamulungu lililonse tikaweruka, ankatsalira pakhonde n'kumayankhula ndi mayi mpaka foni kuzima. M'nyumba mwawo anagula mipando iwiri yokha, winawo osalola mlendo kukhalapo.

Mayi Malita anafika mu Febuluwale 2018, kunja kuli chipale chofewa. Malemu anakawatenga kubwalo la ndege ku Manchester atanyamula jekete ndi bulangete, ndipo njira yonse anayatsa hita ya m'galimoto mpaka iwo eni thukuta kamukamu. Anakhala limodzi miyezi yotentha ya chaka chino. Madzulo ankayenda m'mbali mwa mtsinje wa Humber, akupangana zodzabwerera ku Nchalo kukaphunzitsa achinyamata ntchitoyi mwa dongosolo lake.

Pa 3 Sepitembala anagwa ali pantchito. Madokotala anapeza kuti ndi sitiroko. Anatisiya pa 11 Sepitembala 2018, mayi atawagwira dzanja.

Malemu asiya mkazi wawo, ana awiri, Edwina ndi Wilfred, omwe akutimvera pafoni ali ku Blantyre, komanso mdzukulu yemwe sanamunyamulepo. Tikuthokoza anamwino, a mpingo, Amalawi a ku Hull ndi ku Manchester, komanso Bambo Thompson omwe atseka galaja lero kuti adzanyamule nawo bokosi. Lachisanu mayi akwera ndege kuperekeza amuna awo kumudzi.

Bambo Fandika, pitani bwino. Mzimu wanu uwuse mumtendere.