Theka la Ngwazi

Pasiteji ya basi, amuna awiri osadziwana anakhala pabenchi limodzi, wina atagwira buku lakale lothothoka chikuto, wina atavala chipewa. Patsogolo pawo oitanira basi atatu ankakokera m'basi yawo chikwama cha agogo ena, eni ake akukana kuti sakulowera kumeneko.

"Bukulo tinaliwerenga kusukulu," anatero wachipewa. "Si la mkulu uja anabisa mdani wake m'nyumba, anthu atabwera ndi zibonga?"

"Lomwelo, achimwene. Anaima pakhomo yekha, chimanjamanja. Ngwazi imadziwika ndi zinthu ziwiri, chifundo ndi kulimba mtima."

"Ndiye taonani mmene akuwazunzira agogo awo."

"Ndikuona. Ine chifundo ndili nacho chambiri, moti mtima ukundiwawa pano. Koma anyamata amenewa amamenya."

"Ine sindiopa munthu, bambo. Atatu ngati awo ndimawapinda ndekha. Kungoti za eni sizindikhudza."

"Ndiye tikaphatikizana, ngwazi imodzi ikwana."

"Ikwanadi. Tsogolani inu, poti chimayamba ndi chifundo."

"Ayi, m'bukumu chinayamba n'kulimba mtima. Dikirani ndikuonetseni tsamba lake."

"Funani modekha, mungalidumphe."

Basi inanyamuka ndi chikwama chija, agogo akuitsatira wapansi, nsapato imodzi ili m'manja.

"Apita nacho," anatero wachipewa. "Anthu onsewa, osapezeka ndi mmodzi yemwe woimirira."

Wabuku anapukusa mutu, chala chidakali patsamba.

"Vuto lake anthu masiku ano sawerenga, achimwene."